Edgar Adrian, Munthu Amene Adamvetsera Mitsempha

Edgar Douglas Adrian adabadwira ku London pa 30 Novembala 1889. Adaphunzira pa Trinity College ku Cambridge, kumene adasulidwa ndi Keith Lucas, katswiri wa za mitsempha. Lucas adafa pa ngozi ya ndege mu 1916, ndipo nkhondo itatha Adrian, ali dotolo tsopano, adabwerera kukapitiriza ntchito ya mphunzitsi wakeyo.

Panthaŵiyo kudali kodziŵika kale kuti mitsempha imatumiza uthenga ku ubongo mwa kamphamvu ka magetsi. Vuto lidali kuchepa kwa kamphamvuko: kunja kwa mtsempha kaŵirikaŵiri sikafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a volt imodzi. Mu 1925 Adrian adayamba kukakuza ndi ampulifaya ya mavalavu atatu, onga aja a m'mawailesi akale. Koma ampulifaya sisankha. Imakuza uthenga pamodzi ndi phokoso, lina lochokera ku mawaya a magetsi a m'nyumba, lina lobadwira m'mavalavu momwemo.

Pamodzi ndi Yngve Zotterman wa ku Sweden, iye adatenga kamnofu ka pachifuwa pa chule, namakadula pang'onopang'ono kufikira padatsala kamtsempha kamodzi kotumiza uthenga. Zimene adafalitsa mu 1926 n'zakuti kukoka mnofu mwamphamvu sikukulitsa kugunda kwa magetsi m'mtsempha. Kugunda kulikonse kumalingana ndi kunzake, ndipo chosintha ndi kufulumira kwake kokha. Mphunzitsi angathe kuonetsa ana mfundoyi pogogoda pa desiki ndi mphamvu imodzimodzi, poyamba modekha, kenaka mofulumira. Adapezanso kuti chokhudza thupi chikakhalitsa kugundako kumanka kuchepa, n'chifukwa chake timaiŵala kuti tavala malaya.

Tsiku lina adalumikiza mtsempha wa diso la chule ku chokuzira mawu, m'chipinda chamdima ndithu. Kudamveka kuthetheka kumene iye sadakuyembekeze. Ambiri a ife tikadangoti chida chavuta. Adrian adamvetsera, ndipo adazindikira kuti kuthethekako kunkadza iye akasuntha: disolo linkamuona, n'kumatumiza uthenga wake.

Mu 1932 adalandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Charles Sherrington. Mu 1934 iye ndi Bryan Matthews adatsimikiza zimene Hans Berger adaona, zoti magetsi a muubongo angathe kulembedwa kuchokera pakhungu la mutu. Matthews yemweyo adakonza ampulifaya yoyerekeza mawaya aŵiri: chopezeka pa onse aŵiri imachitaya ngati phokoso, nikuza kusiyana kwake kokha. Nzeru imeneyi ikugwirabe ntchito m'tizida tomwe lero timaikidwa m'thupi kuti timve mitsempha, ngakhale opanga ake ali ndi chopinga china: kuchepetsa phokoso kumadya magetsi ambiri, ndipo kachida kakatentha kamawononga minofu yoyandikana nako.

Adrian adatsogolera Trinity College kuyambira 1951 mpaka 1965. Adamwalira pa 4 Ogasiti 1977.