EDGAR DEGAS NDI MWANA WA PHULA

Edgar Degas anabadwira mu mzinda wa Paris, m'dziko la France, pa 19 Julayi 1834. Atate ake anali mwini banki, ndipo amai ake anali ochokera ku New Orleans, ku America. Amaiwo anamwalira mwanayo ali ndi zaka 13 zokha. Mu 1853 analembetsa maphunziro a malamulo monga anafunira atate ake, koma mtima wake sunali kumeneko. Tsiku ndi tsiku ankapezeka m'nyumba ya Louvre akutsanzira zithunzi za amisiri akale, kufikira mu 1855 pamene analowa sukulu ya École des Beaux-Arts. Chaka chotsatira anapita ku Italy, nakhalako zaka 3 akuphunzira ndi maso ndi dzanja.

Masautso awiri anamgwera asanakalambe. Pa nkhondo ya France ndi Prussia, mu 1870, pophunzira kuombera mfuti, anapezeka kuti maso ake sanali kuona bwino, ndipo nthendayo inanka ikulirakulira moyo wake wonse. Tsono mu 1874 atate ake anamwalira, ndipo zinaululika kuti mphwake René anali ndi ngongole zazikulu. Pofuna kuchotsa manyazi pa banja, Degas anagulitsa nyumba yake pamodzi ndi zithunzi zimene anali nazo. Munthu amene anakulira m'chuma anayamba tsopano kudya za thukuta lake. Chaka chomwecho iye ndi anzake, monga Claude Monet ndi Camille Pissarro, anayamba kuchititsa zionetsero zawozawo, osatsata akuluakulu oweruza zithunzi.

Chimene chinam'tchukitsa ndicho zithunzi za atsikana ovina m'nyumba ya masewero ya Opéra. Anthu olemera ankabwera madzulo kudzaona guleyo atapsa, koma Degas ankakonda kuona zakuseri: ana akuphunzira, akuyasamula, akusisita mapazi otupa. Ambiri mwa anawo anali a m'mabanja osauka, ndipo anthu a ku Paris ankawatcha timakoswe. Mmodzi wa iwo anali Marie van Goethem, wobadwa mu 1865 kwa makolo ochokera ku Belgium. Atate ake, amene anali telala, anali atamwalira, ndipo amai ake ankachapira anthu zovala. Mwanayu ankabwera kunyumba yogwiriramo ntchito ya Degas kudzaima nthawi yaitali kuti apeze kandalama kothandizira pakhomo.

Cha m'ma 1878 Degas anayamba kuumba chifanizo cha mwanayo. Palibe mfumu kapena mkulu wa boma amene anamtuma ntchitoyi. Anaichita mwa kufuna kwake, m'nyumba mwake, ndi zinthu zimene zinali pafupi. Masiku amenewo chifanizo cholemekezeka chinkasemedwa pa mwala woyera kapena kusungunulidwa ndi mkuwa. Iye anasankha phula la njuchi.

Akatswiri amene anachiunika ndi makina a X-ray patapita zaka zambiri anaona zonse zobisika m'kati mwake. Mafupa ake ndi mapaipi a mtovu okhomeredwa pa thabwa. Pa mapaipiwo anamangirirapo zofutsira ndi chingwe ndi waya, monga mmisiri amangira phaso asanafolere. M'mikono anaikamo maburashi ake akale, ndi m'khosi kawaya kopotana. Pamwamba pa zonsezi anamatapo dongo, ndipo pamwamba pa dongolo anapakapo phula losakaniza ndi utoto kuti lifanane ndi khungu. Akadalekera pomwepo, mwina anthu sakadadzidzimuka. Koma iye anachiveka tsitsi lenileni la munthu, nalimanga ndi kansalu. Anachiveka kamalaya ka nsalu, nsapato zovinira, ndi siketi yopyapyala yonga imene ovina amavala. Tsitsi, kamalaya ndi nsapato anazikuta ndi phula lochepa, koma siketi ndi kansalu ka m'mutu anazisiya monga zinalili. Kutalika kwake ndi masentimita 99. Mwanayo waima phazi lamanja lili patsogolo, manja atagwirana kumbuyo, chibwano chili m'mwamba, maso atatsinzinira pang'ono, monga munthu wotopa amene sakufuna kuti aphunzitsi adziwe kutopa kwake.

Degas anali munthu wosakhutira msanga ndi ntchito yake. Pa chionetsero cha 1880 dzina la chifanizocho linalembedwa m'buku, bokosi lake lamagalasi linaikidwa m'chipinda, koma linakhala lopanda kanthu mpaka chionetsero chinatha. Chinadzaonekera mu 1881, ndiponso mochedwa, chionetsero chitatsegulidwa kale.

Phokoso linali lalikulu. Olemba nyuzipepala ambiri anati n'chonyansa. Ena anafanizira nkhope ya mwanayo ndi ya nyani, ena anati pamphumi pake pakuoneka kale makhalidwe oipa. Nthawi imeneyo kunali chiphunzitso chonama chakuti chigawenga chimadziwika ndi maonekedwe a mutu wake, ndipo Degas mwini anakolezera moto, pakuti pa chionetsero chomwecho anapachikapo zithunzi za anyamata ozengedwa mlandu wakupha munthu. Bokosi lamagalasi lija linawakumbutsanso zifanizo za phula zimene madokotala amaphunzirira ziwalo za thupi. Wolemba mabuku Joris-Karl Huysmans ndiye anali mwa owerengeka amene anazindikira kuti njira yatsopano ya kuumba yatsegulidwa. Koma chachisoni ndi ichi, kuti mwa onse otsutsanawo, oyamika ndi onyoza omwe, panalibe amene anasamala kuti akunena za mwana wamoyo, wokhala mu mzinda womwewo, wa mai wochapa zovala. Mu 1882 Marie anachotsedwa ku Opéra chifukwa cha kujomba. Mng'ono wake Charlotte ndiye anakhalitsa kumeneko, nadzakhala mphunzitsi wa gule.

Kuyambira pamenepo Degas sanaonetsenso poyera chifanizo chilichonse choumba. Mwana wa phulayo anabwerera kunyumba, naima pangodya zaka zoposa 30, phula likuda, siketi ikutha. Komabe mwini wake sanaleke kuumba. Maso atayamba kuchita mdima, zala ndizo zinamuonera: ankaumba akavalo, akazi osamba ndi ovina, ndipo zambiri ankaziphwanya n'kuyambanso, pakuti kwa iye kuumba kunali kufufuza mmene thupi limaimira ndi kuyendera.

Ukalamba wake sunali wokoma. Sanakwatire, ndipo lilime lake linali lakuthwa. Pa mlandu wa Alfred Dreyfus, msilikali wachiyuda amene anamnamizira kuti wapereka dziko mu 1894, Degas anaima kumbali ya onamizirawo, nadana ndi abwenzi ake achiyuda, ngakhale banja la Halévy limene linkamlandira pa chakudya zaka zambiri. Ili ndi banga lenileni pa mbiri yake, ndipo luso lake silingalifafanize. Mu 1912 anamtulutsa m'nyumba yake ya mu msewu wa Victor Massé chifukwa inali yoti igwetsedwe, ndipo ntchito inathera pomwepo. Zaka zotsalazo ankangoyendayenda m'misewu ya Paris, ali pafupi kukhala wakhungu. Anamwalira pa 27 Sepitembala 1917, ali ndi zaka 83, naikidwa m'manda a ku Montmartre.

Abale ake polongosola katundu anapeza zifanizo pafupifupi 150, zambiri zosweka. Anapangana ndi osula a kwa Hébrard, amene anatenga zikombole pa zifanizo 74 nasungunuliramo mkuwa. Motero ana a mkuwa oposa 20 anabalalika m'nyumba zosungiramo zaluso za ku Paris, London, New York ndi kwina, aliyense atavala siketi ya nsalu imene osunga amaisintha ikatha. Zaphula zenizenizo anthu ankayesa kuti zinaonongeka, koma zinatulukira mu 1955, ndipo Paul Mellon wa ku America anazigula chaka chotsatira. Mwana wa phula uja, ndi tsitsi lake ndi maburashi ake m'mikono, ali mu National Gallery of Art ku Washington, m'bokosi lamagalasi.