Wodala Victoire Rasoamanarivo, Mai Amene Adasunga Mpingo Ansembe Atachoka

Kuvuma kwa dziko la Mozambique, kutsidya kwa nyanja, kuli chilumba chachikulu cha Madagascar. Pa chilumba chimenechi padakhala mai wina wa banja lolemekezeka amene sadakhale sisitere, sadalembe buku ngakhale limodzi, ndiponso sadafere chikhulupiriro ndi lupanga. Iye adali mkazi wapabanja, ndipo banja lakelo lidali la misozi. Komabe pamene ansembe onse adapirikitsidwa m'dzikomo, akristu adatsamira pa iye zaka zitatu, ndipo Mpingo sudagwe. Mbiri yake njoyenera kukumbukiridwa ndi parishi imene ikuthokoza Mulungu chifukwa cha zaka 100, pakuti parishi iliyonse yofika msinkhu wotere idasungidwapo ndi anthu onga iyeyu.

Kubadwa ndi ubatizo wake

Rasoamanarivo adabadwa m'chaka cha 1848 mu mzinda wa Antananarivo. Agogo ake aamuna, a Rainiharo, adali nduna yaikulu ya Mfumukazi Ranavalona Woyamba, ndipo amuna a m'banjamo ndiwo ankagwira boma ndi asilikali. Nthaŵi imeneyo chikristu chidali choletsedwa. Kuyambira m'chaka cha 1835 mfumukaziyo idaletsa anthu ake kupemphera kwa Yezu Kristu, ndipo akristu ambiri amene adaphunzitsidwa ndi amishoni achiprotestanti a ku London adamangidwa maunyolo, ena adaphedwa. Mwanayo tsono adaleredwa m'miyambo ya makolo, osadziŵa kanthu za Mthenga Wabwino.

M'chaka cha 1861 mfumukazi ija idamwalira, ndipo mwana wake Radama Wachiŵiri adalola kuti aliyense apembedze monga afunira. Chaka chomwecho ansembe a Chijezuiti ndi masisitere a Yosefe Woyera a ku Cluny adakhazikika mu Antananarivo. Masisiterewo atatsegula sukulu ya atsikana, Rasoamanarivo, ali ndi zaka 13, adakhala mmodzi mwa ophunzira oyamba. Kumeneko adamva za Mulungu amene adadzichepetsa nakhala munthu, nafera akapolo ndi mafumu mofanana. Pa 1 Novembala 1863, tsiku la Oyera Onse, adabatizidwa nalandira dzina loti Victoire, ndiye kuti kupambana.

Ukwati wa misozi

Mtima wa Victoire unkalakalaka moyo wa usisitere, koma achibale adali atakonza kale zina. Pa 13 Meyi 1864 adamkwatitsa kwa Radriaka, mbale wake, mwana wachisamba wa Rainilaiarivony, amene chaka chomwecho adakhala nduna yaikulu ya dziko ndipo adalamulira kufikira 1895. Chimodzi chokha chimene mtsikanayo adaumirira nchakuti ukwatiwo udalitsidwe pamaso pa wansembe, ndipo zidatero.

Radriaka adali mkulu wa asilikali, koma adali munthu womwa moŵa kwambiri ndi wokonda akazi. Khalidwe lake lidali lodziŵika mu mzinda monse, kotero kuti manyazi ake ankagwera banja lonse. Bambo wake yemwe, pamodzi ndi mfumukazi, adalangiza Victoire kuti athetse ukwatiwo, namlonjeza kuti palibe amene adzamdzudzule. Iye adakana, pofotokoza kuti lonjezo limene adachita pamaso pa Mulungu silidali loti munthu nkulimasula. Sadabise kuti zochita za mwamuna wakeyo zidali zoipa, komanso sadamnyoze pa anthu. Zaka 24 adamsamala, kumlandira akabwera ataledzera, ndi kumpempherera tsiku ndi tsiku kuti atembenuke mtima. Mulungu sadaŵapatse mwana.

Chiyeso china chidachokera ku nyumba yachifumu. M'chaka cha 1869 Mfumukazi Ranavalona Wachiŵiri ndi nduna yaikulu adabatizidwa mu mpingo wachiprotestanti, ndipo kuyambira pamenepo akuluakulu onse ankayembekezeka kupemphera kumene mfumukazi ikupemphera. Chikatolika chinkaoneka ngati chipembedzo cha Afalansa ndi cha anthu wamba. Achibale adamnyengerera Victoire, kenaka adamuwopseza kuti akapanda kusintha sadzaikidwa m'manda a makolo ake. Kwa Mmalagasi palibe chilango choposa chimenechi, pakuti manda a banja ndiwo mudzi weniweni wa munthu, ndipo womanidwa malo m'menemo ali ngati wopanda mtundu. Victoire adamva zonsezi mwaulemu. Sadaleke kugwira ntchito zake za ku nyumba yachifumu, ngakhale kulemekeza apongozi ake, koma m'maŵa mulimonse ankapezeka pa Misa m'tchalitchi cha ku Andohalo. Patapita zaka, anthu omwe aja ankamuwopseza adayamba kumuwopa ndi kumlemekeza, poona kuti mau ake ndi ntchito zake sizinkasiyana.

Chilungamo cha pakhomo

Dziko la Madagascar masiku amenewo lidali la magulu: a mtundu wachifumu, mfulu, ndi akapolo. Pakati pa akapolowo padali anthu ambiri ogwidwa ku mtunda wa Afrika naoloka nawo nyanja, amene Amalagasi ankaŵatcha Masombika, kuchokera ku dzina la Mozambique. Boma lidaŵamasula ameneŵa m'chaka cha 1877, koma ukapolo wonse udatha m'chaka cha 1896, Victoire atamwalira kale.

Monga mabanja onse olemera, banja lake lidali ndi akapolo. Iye sadali ndi mphamvu zosintha malamulo a dziko, koma pakhomo pake adasintha zimene adatha kusintha. Antchito ake ankaŵasamala ngati abale, ankapemphera nawo pamodzi, ndipo akadwala ankaŵadwazika iye mwini. M'tchalitchi ankagwada pakati pa amphaŵi, osafuna malo apadera. Chuma chake chinkapita kwa osoŵa, kwa akaidi omangidwa maunyolo amene ankakhalira kupempha chakudya, ndi kwa odwala khate amene anthu onse ankaŵathaŵa. Wina akaponderezedwa pa mlandu chifukwa cha umphaŵi, Victoire ankamlankhulira kwa akuluakulu. Udindo wake adausandutsa chishango cha anthu opanda oŵateteza.

Ansembe apirikitsidwa

M'mwezi wa Meyi 1883 nkhondo idabuka pakati pa France ndi Madagascar. Zombo za Afalansa zitaphulitsa mizinda ya m'mbali mwa nyanja, boma lidalamula kuti Afalansa onse atuluke m'dzikomo. Popeza amishoni a Katolika adali a mbali ya France, kumapeto kwa mwezi womwewo ansembe, mabulazala ndi masisitere adanyamuka ulendo wautali wopita ku doko. M'dera lonse la Imerina simudatsale wansembe ndi mmodzi yemwe. Asadanyamuke, adapempha Victoire kuti akhale mtetezi wa akristu, monga Maria Woyera adakhalira pakati pa ophunzira Ambuye atakwera kumwamba. Iye adayankha modzichepetsa kuti mphamvu zake nzochepa, koma adzachita zimene angathe.

Chiyeso sichidachedwe. Lamulungu loyamba akristu atafika ku matchalitchi, adapeza alonda pa makomo, oŵaletsa kuloŵa. Ambiri adagwidwa ndi mantha, poganiza kuti masiku a Ranavalona Woyamba abweranso. Victoire adapita kwa apongozi ake, nduna yaikulu, kukafunsa ngati padali lamulo loletsa Akatolika kupemphera. Atamva kuti lamulo lotero kudalibe, adakaima pamaso pa alondawo naŵauza kuti ngati akufuna kukhetsa magazi ayambe ndi ake, koma mapemphero sadzalekeka. Makomo adatsekulidwa, ndipo anthu adaloŵa.

Kutsekula makomo kudali chiyambi chabe. Mpingo wopanda Misa ndi wopanda kulapa ukadatha kufota pang'onopang'ono popanda wina woupha. Mu mzindamo mudali gulu la anyamata lotchedwa Union Catholique, ndiponso mudatsala bulazala mmodzi Mmalagasi wa chipani cha De La Salle, dzina lake Raphaël-Louis Rafiringa, amene akristu adamsankha kuti aŵatsogolere. Ameneŵa adagaŵana ntchito. Pa Lamulungu akristu ankasonkhana, kuimba nyimbo, kuŵerenga mapemphero a Misa ndi Mthenga Wabwino, kumva chiphunzitso ndi kunena korona. Ana ankabatizidwa, katekisimu inkaphunzitsidwa, sukulu zinkayenda, ndipo anyamata aja ankatumidwa kukayendera matchalitchi a kumidzi.

Victoire sadadziike patsogolo pa onse. Ntchito yake idali yolimbitsa ndi yoteteza. Ankakhala nawo pa misonkhano, kuthandiza aphunzitsi ndi chuma chake, ndi kuyendera akristu a kumidzi amene adali pafupi kutaya mtima. Akuluakulu a boma a m'madera akayamba kuvutitsa aphunzitsi kapena kukakamiza ana kusiya sukulu za Katolika, nkhani inkafika kwa iye, ndipo iye ankaitengera kwa nduna yaikulu. Pamene kusamvana kudabuka pakati pa atsogoleri eniake pa za udindo wa aliyense, ndiye amene adaŵayanjanitsa, podziŵa kuti Mpingo wogaŵikana m'kati sufuna mdani wakunja kuti ugwe. Pa zonsezi adakhalabe Mmalagasi wokhulupirika kwa mfumukazi yake, kuonetsa poyera kuti munthu angathe kukhala Mkatolika popanda kukhala wa Afalansa.

Pangano la mtendere lidasainidwa m'mwezi wa Disembala 1885, ndipo m'chaka cha 1886 amishoni adabwerera ku Antananarivo. Ankaopa kuti apeza mabwinja, koma adapeza matchalitchi odzaza ndi akristu ozoloŵera kusenza okha udindo. Victoire adabweza zonse m'manja mwa ansembe mosanyinyirika, nabwerera ku malo ake a kale pakati pa anthu.

Mphotho ya kudikira

M'mwezi wa Malichi 1888 Radriaka adagwa kuchokera pa khonde lam'mwamba la nyumba ya mkazi wina, navulala koopsa. Victoire adapita komweko kukamtenga, namdwazika osamkumbutsa zakale. Ataona kuti imfa yayandikira, Radriaka adapempha ubatizo. Popeza wansembe sadathe kufika msanga, mkazi wake yemweyo ndiye adamthira madzi a ubatizo. Adamwalira pa 14 Malichi 1888. Chimene Victoire adachipempha zaka 24 adachilandira pa tsiku lotsiriza, ndipo chidadzera m'manja mwake momwe.

Zaka zisanu ndi chimodzi za umasiye wake adazipereka kwa Mulungu ndi kwa amphaŵi. Ankakhala maola ambiri m'tchalitchi pamaso pa Sakramenti Loyera, ndipo potuluka ankapita kwa odwala ndi kwa akaidi. Adamwalira pa 21 Ogasiti 1894, ali ndi zaka 46, korona ali m'manja. Banja lija lidamuwopseza kale kuti lidzammana manda lidamuika mwaulemu waukulu m'manda a agogo ake a Rainiharo. Patangopita miyezi yoŵerengeka nkhondo idabukanso, amishoni adachokanso, ndipo akristu amene adaphunzira kwa iye adausunganso Mpingo.

Pa 30 Epulo 1989, mu Antananarivo, Papa Yohane Paulo Wachiŵiri adamlengeza kuti ndi Wodala, pa ulendo womwe uja adafikanso ku Zambia ndi ku Malaŵi. Mafupa ake adasamutsidwira ku kachisi wamng'ono wa ku Andohalo, pafupi ndi katedrale. Bulazala Rafiringa nayenso adalengezedwa Wodala m'chaka cha 2009.

Phunziro kwa akristu eniake

Akristu a ku Mozambique saimva mbiri imeneyi ngati yachilendo. Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1975, sukulu ndi zipatala za mishoni zidatengedwa ndi boma, ndipo amishoni ambiri adachoka. M'chaka cha 1977 msonkhano waukulu wa Mpingo ku Beira udatsimikiza kuti Mpingo ukhale wa timagulu ta akristu totumikirana tokha. M'zaka za nkhondo, kufikira pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, midzi yambiri idakhala nthaŵi yaitali yosaona wansembe. Amene adasunga chikhulupiriro adali aphunzitsi, akulu a mpingo ndi amai amene ankasonkhanitsa anthu pa Lamulungu, kubatiza ana ndi kuika maliro mwachikristu, ena pansi pa mtengo, ena m'misasa ya othaŵa nkhondo. Maina a ambiri a iwo sadalembedwe m'buku lililonse, koma ntchito yao ndi yomwe ija ya Victoire.

Moyo wa mai ameneyu ukuonetsa kuti kulimba mtima kwa pa khomo la tchalitchi sikudabadwe tsiku limenelo. Kudakula m'zaka 20 za Misa ya m'maŵa, za kupirira m'nyumba yovuta, ndi za kuchitira chilungamo wantchito wa pakhomo. Pamene adali ndi mphamvu adazigwiritsa ntchito poteteza ofooka, ndipo nthaŵi yake itatha adazitula mosaŵiringula. Pamene sankaona chizindikiro chilichonse chakuti mwamuna wake adzasintha, sadaleke kupemphera. Mkristu aliyense wa m'parishi, kaya ndi mlimi, mphunzitsi, wamalonda kapena mai wapakhomo, ali nawo malo ake ochitira zomwezo. Mpingo umakumbukira Wodala Victoire Rasoamanarivo pa 21 Ogasiti, tsiku limene Mulungu adamuitana.