A Desmond Clark, Munthu Wofukula Zakale

Kodi munapezapo phale la m'phika polima m'munda? Anthu a ku Petauke ndi ku Nyimba amapeza mapale otere. Ndani anaumba m'phikawo? Unaumbidwa liti? Panali munthu wina amene anathera moyo wake wonse akufuna mayankho a mafunso otere. Dzina lake anali John Desmond Clark.

A Clark anabadwira ku London mu caka ca 1916. Anaphunzira za anthu akale pa yunivesite ya Cambridge. Akali mnyamata, anabwera kuno ku Zambia. Nthawi imeneyo dziko lathu linali kuchedwa Northern Rhodesia. Iwo anayamba nchito yoyang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Livingstone.

Mu 1953 a Clark anafika pa mathithi a Kalambo, pafupi ndi Mbala. M'gombe la mtsinje anaona zida za miyala zambirimbiri. Anayamba kukumba mosamala kwambiri. Akazi awo, a Betty, anali kujambula zithunzi za zidazo.

Nanga anadziwa bwanji zaka za zinthuzo? Njira yoyamba inali kuyang'ana dothi. Taganizirani za dzala la kwanu. Phulusa la lero limakhala pamwamba. Phulusa la caka catha limakhala pansi. Dothi nalonso limasanjikana cimodzimodzi. Cinthu ca pansi kwambiri ndiye cakale kwambiri. N'cifukwa cake a Clark sanali kunyamula cinthu asanalembe pamene anacipeza.

Njira yaciwiri inali kupima makala ndi mitengo. Mtengo wamoyo umatenga kaboni mu mpweya. Ukafa, kaboni wa mtundu wina amayamba kucepa pang'onopang'ono, monga madzi a mumtsuko wodontha. Akatswiri amapima kaboni wotsala. Akatero amadziwa zaka zimene zapita kucokera pamene mtengowo unafa. Njirayi anaitulukira ndi a Willard Libby a ku America.

Koma panali vuto. Njira ya kaboni imafika pa zaka pafupifupi 50,000 basi. Mitengo ya pansi penipeni pa Kalambo inali yakale kuposa pamenepo. A Clark sanathe kudziwa zaka zake zenizeni.

Mu 1961 iwo anapita kukaphunzitsa ku Berkeley, ku America. Anamwalira mu 2002, koma nchito yawo sinathere pomwepo. Akatswiri ena anabwerera ku Kalambo. Iwo anapima mcenga kuti adziwe pamene unaona dzuwa komaliza. Mu 2023 analengeza kuti anapeza mitengo iwiri yosemedwa ndi anthu zaka 476,000 zapitazo.

Inunso mukapeza mapale ambiri kapena zida za miyala, musazicotse. Zikacoka pamalo pake, zaka zake zimavuta kudziwa. Uzani aphunzitsi kapena anyakwawa.

Yankhani mafunso awa:
1. Kodi a Clark anabadwira kuti?
2. Kodi anapeza ciani pa mathithi a Kalambo?
3. Pa dzala, ndi phulusa liti limene ndi lakale?
4. Cifukwa ciani njira ya kaboni inalephera pa mitengo ya pansi penipeni?
5. Mungacite ciani mutapeza mapale akale m'munda?