Nkosi Johnson, mwana amene anamukaniza sukulu

Anzanga a m'kalabu, ine ndine mlimi wamba, sukulu ndinalekezera ku pulaimale. Koma ndati ndikufotokozereni za mwana wina wa ku South Africa, poti kuno kwathu ndimaonabe ana amasiye akupatsidwa mbale ndi kapu yaoyao.

Nkosi Johnson anabadwa mu 1989 ali kale ndi kachilombo ka HIV. Anakatenga kwa mayi ake. Njira imeneyi si yamasewera ayi. Pa ana 100 obadwa kwa amayi a kachilombo amene sakumwa mankhwala, ana 15 mpaka 45 amakatenga ali m'mimba, pobadwa kapena poyamwa.

Mayi ake atafooka ndi matenda, mayi wina wa ku Johannesburg, Gail Johnson, anamutenga n'kumamulera ngati wake. Mu 1997 anapita kukamulembetsa sukulu ku Melville. Makolo ena atamva za kachilomboko anakana, ati awapatsira ana awo. Apa mpamene analakwa. Kachilomboka kamayenda m'magazi, pogonana mosadziteteza, ndi kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana. Kuikidwa magazi a kachilombo ndiye koopsa zedi, oposa 90 pa 100 alionse amakatenga, n'chifukwa chake kuchipatala amayamba ayeza magaziwo. Koma kukhala benchi imodzi, kupatsana moni, kudyera mbale imodzi kapena kulumidwa ndi udzudzu, palibe amakatengera pamenepo.

Mayi Gail sanagonje, nkhani inamveka dziko lonse mpaka Nkosi analowa m'kalasi. Chaka chomwecho mayi ake omubereka anamwalira.

Mu 2000, ali ndi zaka 11, thupi litatheratu, anaimirira pa msonkhano waukulu wa SIDA ku Durban. Anapempha boma kuti lizipereka mankhwala a AZT kwa amayi apakati, anapemphanso anthu kuti asamathawe odwala. Anamwalira pa 1 Juni 2001 ali ndi zaka 12.

Zimene ankapemphazo lero zilipo. Mayi akayamba msanga ma ARV n'kumamwa mosadumphitsa, pa ana 100 amene amakatenga safika 5. Ndiye abambo anzanga, mkazi akaima tisamati tatanganidwa ndi kumunda, tipite naye kusikelo tikayezetse tonse. Ndipo mwana wamasiye uja, muitaneni adye nsima pamodzi ndi anzake.