Eugène Atget ndi Kamera Yake Yachikale

Pakati pa achinyamata okonda kujambula zithunzi pamabuka kawirikawiri mkangano wakuti kodi chithunzi chabwino chimachokera m'kamera ya mtengo wapatali kapena m'maso mwa mwini kamerayo. Pa mkangano umenewu nkoyenera kusinkhasinkha mbiri ya Eugène Atget, Mfalansa amene anajambula mzinda wa Paris kwa zaka zoposa 30.

Atget anabadwa pa 12 Febuluwale 1857 m'tauni ya Libourne, kufupi ndi Bordeaux. Makolo ake onse awiri anamwalira iye akali wamng'ono, ndipo analeredwa ndi agogo ake. Atasinkhuka anagwirako ntchito pa sitima za pamadzi, kenaka mu 1878 anapita ku Paris kukafuna maphunziro a zisudzo. Sukulu inamlandira atayesa kachiwiri, koma sanatsirize chifukwa pa nthawi yomweyo anali kufunikanso ku usilikali. Anayendayenda ndi timagulu ta zisudzo m'matauni ang'onoang'ono osatchuka nazo, kufikira matenda a pakhosi atamlepheretsa. Anayesa kujambula ndi utoto, nazonso zinakanika. Chimene anapindula m'zaka zimenezo ndi Valentine, mkazi wochita zisudzo, amene anakhala naye moyo wake wonse.

Pofika 1890, ali ndi zaka 33, anakhazikika ku Paris nayamba kugulitsa zithunzi za mitengo, maluwa ndi nyumba kwa amisiri ojambula ndi utoto, kuti azionerapo pa ntchito yao. Cha m'ma 1898 anadzipatsa ntchito yaikulu koposa. Mbali zambiri zakale za Paris zinali zitagwetsedwa kale pamene Haussmann anali kulambula misewu ikuluikulu pakati pa 1853 ndi 1870, ndipo zotsala zinali kuthabe pang'onopang'ono. Atget anatsimikiza mtima kujambula tinjira, zitseko, makwerero, zitsime ndi masitolo akale zisanazimirike, pamodzi ndi anthu osauka ogulitsa malonda m'misewu ndi otola nsanza.

Chida chake chinali bokosi la matabwa lokhala ndi chikopa chopindikapindika ngati mvukuto wa wosula, loima pa miyendo itatu. Mmalo mwa filimu ankaikamo magalasi opakidwa mankhwala, lililonse la masentimita 18 m'lifupi ndi 24 m'litali. Pofuna kuona chimene akujambula ankadzifunda nsalu yakuda, ndipo chithunzicho chinkaoneka chozondoka. Katundu yense, kamera, miyendo ndi magalasi, ankalemera pafupifupi makilogalamu 20, ndipo Atget ankamsenza yekha kufikira ukalamba. Akafika kunyumba ankatsuka magalasiwo, nkuwasanjika pa mapepala opakidwa choyera cha dzira, nkuwayanika pa dzuwa kuti chithunzi chituluke.

Zida zopepuka zinalipo ndithu. Kodak inatuluka mu 1888, Brownie inayamba kugulitsidwa pa dola imodzi mu 1900, ndipo mu 1925 kunabwera Leica yokwana m'thumba la jekete. Atget sanasinthe.

Kungakhale kulakwa kunena kuti kamera yakeyo inali yachabechabe, monga amanenera ena ofuna kukometsa nkhani. Galasi lalikulu limagwira tinthu ting'onoting'ono, monga ming'alu ya khoma ndi zilembo za pa chikwangwani, timene kafilimu kakang'ono ka masiku amenewo sikakanatha kuonetsa. Ndiponso diso la kamera yotere limatheka kulikweza, kotero kuti nyumba yaitali imatuluka yoongoka, osati yopendekera kumbuyo. Chidacho chinali choyenera ntchitoyo. Koma chinali ndi zilema zake. Akalikweza kwambiri disolo, kuwala sikunkafika m'ngodya za galasi, ndipo zithunzi zake zambiri zili ndi mdima m'ngodya za pamwamba. Chinalinso chochedwa kugwira chithunzi, motero munthu wodutsa ankatuluka ngati mzukwa.

Luso la Atget linaonekera pa mmene anakhalira ndi zilema zimenezi. Popeza anthu oyenda ankaononga chithunzi, iye ankalawira mbandakucha, misewu ikali zii, ndipo kuwala kofewa kwa m'mawa ndiko kunapatsa zithunzi zake bata limene anthu amazizwa nalo kufikira lero. Popeza magalasi anali olemera ndipo sakanatha kunyamula ochuluka, sankajambula mwachisawawa; ankayamba wafunafuna malo enieni oimikapo miyendo itatu ija. Munthu wina aliyense akanaima pakati pa msewu moyang'anana ndi nyumba. Iye kawirikawiri ankapatukira pambali, kuti kanjira kaoneke kakukhota ndi kulowa mkati, ndipo woona chithunzi amalakalaka kudziwa chimene chili kuseri. Kusankha kotere sikugulidwa pamodzi ndi kamera. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo Atget ankabwerera pa malo amodzimodzi chaka ndi chaka. Mu 1925, ali ndi zaka 68, anajambula munda wakale wa ku Sceaux kwa miyezi ingapo, akulemba mwezi ndi ora pa zithunzi zake, zina 7 koloko m'mawa.

Ngakhale zinali choncho, iye sankadziyesa katswiri. Ankagulitsa zithunzi zake motchipa ku malaibulale ndi ku nyumba zosungiramo zinthu zakale monga Musée Carnavalet. Mu 1920 boma linagula magalasi ake oposa 2,600 pa mtengo wa ma franc 10,000. Mu msewu umene ankakhala, Rue Campagne-Première, munkakhalanso Man Ray, wojambula wa ku America wotchuka pa nthawiyo, amene anagula zithunzi zake zina nazisindikiza m'magazini mu 1926. Atget anakana kuti dzina lake lilembedwepo, poti kwa iye zinali zithunzi zosungira mbiri basi.

Chaka chomwecho Valentine anamwalira, ndipo nkhalambayo inayamba kufooka. Mu 1927 Berenice Abbott, mtsikana wa ku America amene anaphunzira ntchito kwa Man Ray, anaipempha kuti aijambule. Pamene anapita kukaionetsa zithunzizo anapeza kuti inamwalira pa 4 Ogasiti.

Abbott anagula zambiri mwa zimene zinatsala m'nyumbamo, magalasi oposa 1,000 ndi zithunzi zikwizikwi, napita nazo ku New York. Mu 1930 anathandiza kutulutsa buku loyamba la zithunzi za Atget, ndipo anasunga chumacho zaka 40 akuchionetsa kwa aliyense wofuna kuona. Mu 1968 nyumba ya Museum of Modern Art inagula zonsezo, ndipo pakati pa 1981 ndi 1985 inazionetsa pa zionetsero zinai ndi kuzisindikiza m'mabuku anai.