Alexander Cobbe

Alexander Stanhope Cobbe (1870 – 29 Juni 1931) anali mkulu wa asilikali wa ku Britain amene anatsogolera asilikali a ku Nyasaland. Kampu ya asilikali ya Cobbe Barracks mumzinda wa Zomba inatchedwa dzina lake.

Anabadwira ku Naini Tal m'dziko la India. Anaphunzira ku Wellington College, kenako pasukulu ya usilikali ya Sandhurst, ndipo analowa usilikali mu 1889. Cha m'ma 1898 anatumizidwa ku British Central Africa, komwe anamenya nawo nkhondo zogonjetsa mafumu okana ulamuliro wa atsamunda. Mu 1900 anapita ndi asilikali a Central Africa Regiment ku nkhondo ya Ashanti, m'dziko limene pano ndi Ghana, ndipo anavulala kumeneko.

Gulu la King's African Rifles litakhazikitsidwa mu 1902, Cobbe anapatsidwa bataliyoni yoyamba, ndipo anatumizidwa ku Somaliland kukamenyana ndi ankhondo a Mohammed Abdullah Hassan. Pa 6 Okutobala 1902 ku Erego, asilikali ena atabwerera m'mbuyo, iye anatsala yekha kutsogolo ndi mfuti ya Maxim. Anaikoka yekha n'kuyamba kuombera, kenako anakanyamula msilikali wovulala zipolopolo zikuchokera mbali zonse, kwa adani ndi kwa anzake omwe. Chifukwa cha zimenezi analandira mendulo ya Victoria Cross. Koma nkhondo imeneyi sinali ya ulemu wokhawokha: mu Epulo 1903 gulu lina la asilikali ake, lotsogozedwa ndi Plunkett, linazingidwa ku Gumburu, ndipo amuna ambiri a ku Nyasaland anafera komweko, kutali ndi kwawo.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anatumikira ku France ndi ku Mesopotamia, ndipo anali m'gulu la akuluakulu amene analanda Baghdad mu 1917. Anamwalirira ku England ali jenerali.

Ku Zomba, pafupi ndi kampuyo, kuli chipilala chachitali cha wotchi chokumbukira asilikali a King's African Rifles. Anthu ambiri masiku ano amamva dzina la Cobbe pa nkhani za mpira, chifukwa asilikali a ku Zomba ali ndi timu ya Red Lions, imene yakhala ikupikisana ndi matimu ena a asilikali monga Moyale Barracks ya ku Mzuzu ndi Kamuzu Barracks ya ku Lilongwe.