BERZELIUS, WAMASIYE WA KU SWEDEN

Abale athu akukumba platinum m'migodi ya pafupi ndi Mogwase, ndi inu a m'mafamu, tamvani mbiri ya munthu amene anazindikira kuti citsulo mukumbaco ndi cimera ca amai kwathu zigwira nchito yofanana.

Jöns Jacob Berzelius anabadwa pa 20 August 1779 m'dziko la Sweden. Atate wace ndi amace anamwalira iye akali mwana, ndipo analeredwa ndi abale. Angakhale anali wosauka, anaphunzira udotolo ku Uppsala, natsiriza m'caka ca 1802. Pofika 1807 anali mphunzitsi wamkuru ku Stockholm. Mtima wace unali pa kuyesa miyala ndi mankhwala. Ndiye anayamba kulemba maina a zinthu mwacidule ndi malemba, monga Fe citsulo, Cu mkuwa, Au golidi. Ndipo anzeru a maiko onse alemba comweco kufikira lero.

Masiku amenewo kunali zozizwitsa ziwiri. M'caka ca 1823 Döbereiner wa ku Jena anaona kuti mpweya wochedwa hydrogen uyaka moto ukakhudza ufa wa platinum, koma platinumyo osatha, osasandulika. M'caka ca 1833 Payen ndi Persoz a ku France anaturutsa m'cimera ca barele kanthu kosandutsa ufa ukhale shuga. Berzelius anazilingalira pamodzi, ndipo m'caka ca 1835 anaonetsa kuti mcitidwe wace ndi umodzi, naucha catalysis. Kanthu kotere kafanana ndi nkhoswe, imene imangitsa ukwati wa ena nibwerera kwao monga inaliri, yokonzeka kukamangitsa wina. Anaganizanso kuti m'matupi a nyama ndi m'zomera zotere zicitika zikwizikwi.

Analondola ndithu. Tinthu timeneti ta m'zamoyo lero tichedwa ma enzyme. Mukatafuna nsima nthawi yaitali iyamba kuzuna, pakuti m'malobvu muli kamodzi kofanana ndi ka m'cimera. Tina tiri m'mimba ndi m'matumbo kuphwanya nyemba ndi nyama. Tinanso tiri m'minofu, kumene shuga atenthedwa pang'onopang'ono ndi mpweya tipumawu, popanda lawi. Ndimo mucokera mphamvu yonyamulira fosholo pansi pa mgodi ndi khasu m'munda. Koma timaonongeka ndi kutentha kwakukuru. Ndico cifukwa cace wophika thobwa ayamba walinda kuti phala lizizireko asanathire cimera.

Berzelius anakwatira m'caka comweco ca 1835, ali ndi zaka 56, ndipo mfumu ya dziko lace inampatsa ulemu wa baron. Anamwalira ku Stockholm pa 7 August 1848. Zitapita zaka 76, m'caka ca 1924, Hans Merensky anazindikira mzere wa platinum ku Transvaal, umene ukumbidwa ku dera la Rustenburg. Yambiri ya platinum imeneyi iikidwa m'mipope ya utsi wa galimoto, kuti icepetse ululu wa utsiwo, ndiyo nchito ya unkhoswe yomwe ija Berzelius anaipatsa dzina.